Andigwirira akaunti akuti ndifotokoze komwe ndatenga ndalama, kodi boma limaona zonsezi?

Nachisale wa Zitenje: Abale anga pagulu pano ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukugwira kuyambira dzulo. Ine geni yanga mukuidziwa, ndimaoda zitenje ku Tanzania nkumagulitsa kuno ku Lilongwe. Mwezi uno inali nthawi yanga yolandira chipeleganyu ndiye anzanga onse anaponya mu akaunti yanga, sabata yomweyo achimwene anga a ku Joni anatumizanso ina yoti ndiwagulire malata a nyumba ya amayi kumudzi. Ndapita ku banki kuti nditape ndizinyamuka, akundiuza kuti akaunti ayiimitsa kaye mpaka ndibweretse umboni wa komwe ndalamazo zachokera. Ndafunsa kuti walamula ndani, mtsikana wa pa kauntala akungoti amayi sindingakuuzeni zambiri bweretsani mapepala basi. Chikundiwawa nchakuti ndalama ndi yanga, thukuta langa, sindinabe. Kodi ndi boma likuchita zimenezi? Ndiye kuti kwacha iliyonse imene ndimalandira pali wina wakhala penapake akuwerenga?

Achimwene a ku Joni: Pepani chemwali. Kuno nzosadabwitsa zimenezo, amati ndi lamulo la zachuma lotchedwa FICA, akaunti amaitseka ngakhale chifukwa choti pasipoti yatha kapena permit sinasinthidwe. Sindimadziwa kuti kumudzinso zafika pamenepo

Wakale wa ku Banki: Amayi Nachisale khazikani mtima pansi kaye. Ine ndinagwirapo ntchito ku banki zaka zingapo ndiye ndikufotokozereni mmene zimayendera. Pali lamulo la 2017 lotchedwa Financial Crimes Act, ndi limene linakhazikitsa bungwe la Financial Intelligence Authority, ambiri amangoti FIA. Lamulo limeneli limakakamiza banki iliyonse, makampani a ndalama za pafoni, a inshulansi, osintha ndalama zakunja ndi ena kuti azimudziwa bwino kasitomala wawo, ndipo akaona ndalama yoyenda mosiyana ndi mmene munthuyo amachitira masiku onse azilemba lipoti nkutumiza ku FIA. Potsegula akaunti munalemba fomu ija yofunsa kuti mumapeza zingati pamwezi eti? Kompyuta imasunga zimenezo. Ndiye tsiku lina anthu khumi ndi awiri aponya ndalama motsatizana, kenako yalowanso ina yochokera kunja, inu mwabwera kuti mutape yonse kamodzi, kompyuta imakuwa yokha palibe munthu amene anakhala pansi nkumati tiyeni timuone Nachisale. Za mtsikana wa pa kauntalayo musamukwiyire, ngati lipoti lapita ku FIA lamulo lomwelo limaletsa wantchito kuuza kasitomala, akatero ndi mlandu kwa iyeyo. Komanso nthawi zambiri sizikhala kuti zafika kuboma, imakhala banki yokha ikudziteteza kuopa chindapusa cha Reserve Bank.

Nachisale wa Zitenje: Zikomo bambo mwanditsegula maso. Koma ndiye mukutanthauza kuti dzina langa litha kukhala kuti lili kuofesi ya boma pompano ngati munthu wokayikitsa, ine osadziwa, ndipo palibe amene adzandiuze?

Wakale wa ku Banki: Zitha kutero amayi, sindikunamizani. Lipoti si mlandu, ambiri amathera mufailo. Koma kukuuzani ayi sangakuuzeni.

Bambo a Mphatso: Ine ndiyankhule mosapsatira ngakhale ena mundida. Zimenezi nzofunika. Mwaiwala Cashgate ya 2013? Anthu ankapezeka ndi mamiliyoni m'mabuti a galimoto ndi pansi pa bedi, a Paul Mphwiyo amene anali mkulu wa bajeti ku unduna wa zachuma anawomberedwa pageti la nyumba yawo, ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti mabiliyoni oposa 13 anatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Nthawi imeneyo mzipatala munalibe ngakhale panado, mayiko otithandiza anaimitsa thandizo la bajeti mpaka tonse tinavutika. Ndalama zimenezo zinadutsa m'mabanki momwemu. Lero tikulira kuti asamaone maakaunti, mawa tidzalirenso kuti bwanji akuba sakugwidwa? Wosalakwa saopa kufunsidwa, amayi angopititsa mapepala nkhani ithe.

Mtsikana wa Malamulo: Bambo a Mphatso mwaulemu wonse, chitsanzo chanucho chikutsutsana nanu. Mu 2013 lamulo lothana ndi kubisa ndalama zakuba linalipo kale, la 2006, ndipo ofesi yolandira malipoti inaliponso, nthawi imeneyo inkatchedwa FIU. Macheke a mamiliyoni mazanamazana ankatapidwa pa kauntala ndi timakampani tongotsegulidwa dzulo. Sikuti maso kunalibe. Maso analipo koma ankaphethira pakadutsa wamkulu. Lero mayi wa zitenje ndi amene akuuzidwa kuti abweretse umboni wa chipeleganyu, chipeleganyu chili ndi lisiti kuyambira liti?

Ajenti wa pa Msika: Apo mwalasa chemwali

Bambo a Mphatso: Ndiye chifukwa choti analephera kale asiye kuyesa? Komanso dziwani kuti si nkhani ya Malawi yokha, pali bungwe la padziko lonse la FATF limene limaika mayiko pa mndandanda wa okayikitsa, Mozambique anaikidwapo mu 2022, South Africa mu 2023, ndipo dziko likalowa pamenepo kutumiza ndalama kunja kumavuta, mabanki akunja amayamba kukukanani. Ife ndi mavuto a forex amene tili nawo kalewa tingapirire zimenezo?

Mtsikana wa Malamulo: Sindikunena kuti asiye bambo. Ndikunena kuti pakhale malire ndipo malirewo analembedwa kale. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga zinsinsi zake, asasechedwe iye mwini, nyumba yake kapena katundu wake, asalandidwe zinthu zake, ndipo asasokonezedwe pa zokambirana zake kaya ndi pakalata kaya pafoni. Gawo 44 ndi limene limalola kuchepetsa ufulu koma limaika zoyenera kutsata, kuti zikhale zolembedwa m'lamulo, zikhale zomveka, zogwirizana ndi mfundo za ufulu wa anthu padziko lonse, komanso zofunikadi m'dziko la demokalase. Ndiye bungwe lothana ndi katangale la ACB kapena apolisi akamufufuza munthu wakuba, atenge chikalata choyenera, aone akaunti ya munthu ameneyo, ine ndiombera m'manja. Chimene ndikukana ndi kuponya khoka m'nyanja yonse kuti mwina mugwera chambo chimodzi, usipa wonse nkuvutikira momwemo.

Agogo Aphunzitsi: Ana anga, ndawerenga zonse mwalembazi ndipo ndati nane ndiikepo mawu, mundipirire ndilemba motalika chifukwa zala zanga sizithamanga ngati zanu. Mawu akuti wosalakwa saopa ine ndinawamva koyamba ndili mnyamata ndikuyamba uphunzitsi m'zaka za m'ma 1970. Ankanena ndi a Special Branch ndi a payoniya. Nthawi imeneyo kalata yochokera kunja inkafika itatsegulidwa nkumatidwanso, umachita kuona guluu wake kuti uyu si wa amene analemba. Aliyense ankadziwa, palibe ankafunsa. Kunali lamulo lotchedwa Forfeiture Act limene boma linkalandira munthu katundu wake yense, nyumba, sitolo, galimoto ndi ndalama za ku banki, popanda mlandu kuzengedwa m'khoti, zinkangolengezedwa basi. A Mboni za Yehova anathamangitsidwa m'midzi ndi pantchito chifukwa cha kukana khadi la chipani, ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Anthu amenewo anaba chiyani? Kulakwa sikunali kuba ayi, kulakwa kunali chilichonse chimene wolamula wanena kuti ndi kulakwa tsiku limenelo. Gawo 21 limene mwana wanga wa malamuloyu watchulali silinagwe kumwamba, analemba mu 1994 anthu amene anali ataona makalata awo akutsegulidwa. Tsono chimene chimandiopsa ine lero nchakuti kale kuti akudziwe ankafunika kutuma munthu azikutsatira, adye, agone, alipidwe, ndipo sakanatha kutsatira Amalawi onse. Lero penshoni yanga imalowa ku banki, ndimatumizira adzukulu pafoni, chopereka cha kutchalitchi pafoni, mankhwala a shuga pafoni. Munthu atangoona sitetimenti yanga ya miyezi itatu adziwa mpingo wanga, matenda anga, ndi mwana amene ndimamukonda kwambiri. A Special Branch akanalota zimenezi sakanakhulupirira.

Nachisale wa Zitenje: Agogo mwandikhudza. Zoonadi sitetimenti imaulula zonse, yanga ikuonetsa ngakhale ngongole ya katapila imene amuna anga sakuidziwa kuti ndinatenga nthawi imene katundu anandigwirira pa boda

Mnyamata wa Makompyuta: Agogo anena zenizeni ndipo ndiwonjezere mbali ya ukadaulo kuti muone mmene ulusi wake walukidwira. 2017 ofesi ya kalembera wa nzika ya NRB inalemba anthu oposa 9 miliyoni nkupereka ziphaso za unzika, anatenga zidindo za zala ndi chithunzi. 2018 MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, inalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe, osalembetsa anadulidwa. Kenako mabanki anayamba kufuna chiphaso chomwecho kuti akaunti ipitirire kugwira ntchito. Kulembetsa mavoti chiphaso chomwecho, feteleza wotsika mtengo wa boma chiphaso chomwecho, nambala ya msonkho ya TPIN ya ku MRA chimodzimodzi. Nde taganizani, nambala imodzi yokha ikumanga pamodzi foni yako, Airtel Money kapena Mpamba yako, akaunti ya ku banki, msonkho, voti komwe unalembetsera, ndi thumba la feteleza. Chilichonse pachokha chili ndi chifukwa chomveka, palibe angakane kuti chiphaso chathandiza kuchotsa maina a anthu akufa pa ma payroll. Koma ukaziphatikiza wapanga kiyi mmodzi wotsegula zitseko zonse za moyo wa munthu, funso nkumati kiyiyo akusunga ndani ndipo akamutsegulira mnzake amalemba pati

Achimwene a ku Joni: Ndipo ankati tikalembetsa masimu akuba a pafoni atha. Mpaka lero amayi anga kumudzi amalandira timauthenga toti ndalama ija mutumize pa nambala iyi

Ajenti wa pa Msika: Ine ndiyankhuleko ngati munthu amene ndimakhala pa kambulera tsiku lonse. Inu mukuopa boma koma zinsinsi zambiri zimatayikira pansi pompano. Kabuku kamene timalembamo ma transaction kamakhala poyera, muli dzina, nambala ya foni, ndalama zingati, siginecha. Wina akubwera kudzasaina akuwerenga mizere ya anzake onse amene adutsa m'mawa. Ine ndimaphimba ndi katoni koma anzanga ambiri satero. Komanso pali anthu amabwera kudzandinyengerera, bambo wina anafuna kundipatsa ya drink kuti ndimuuze ngati mkazi wake amalandira ndalama kuchokera kwa mwamuna wina wake, ndinakana mpaka anasiya kubwera pa ine. Nanga amene ali ndi njala tsiku limenelo akana? Ndiye ngati ine wa pa kambulera ndimayesedwa chonchi, kuli bwanji mnyamata amene wakhala pa kompyuta yaikulu kuofesi amene angathe kuona sitetimenti ya aliyense, malipiro ake osakwana mwezi, wabwera bwana wa chipani kapena wapolisi mnzake opanda pepala lililonse akuti tangondionera nambala iyi

Wakale wa ku Banki: Zimene akunena a Ajenti nzoona. Pamalamulo wapolisi amayenera kubwera ndi chikalata, ndipo kompyuta imasunga dzina la wantchito aliyense amene watsegula akaunti ya kasitomala. Kumene ndinkagwira anthu anachotsedwapo ntchito chifukwa chosuzumira akaunti za zibwenzi zawo. Koma kuti zidziwike pamafunika wina adandaule kaye, ndipo munthu ungadandaule bwanji chinthu chimene sukudziwa kuti chachitika

Bambo a Mphatso: Chabwino zimenezo ndavomera, koma amenewo ndi anthu osakhulupirika osati boma. Ndipo lamulo loteteza zinsinsi linabwera kale si paja?

Mtsikana wa Malamulo: Linabweradi, Data Protection Act ya 2024, ndipo ndi lamulo labwino pa zambiri. Limati amene akusunga zokhudza iwe azitenge pa chifukwa chodziwika, asatenge zoposa zimene akufunikira, azisunge motetezeka, ndipo iwe uli ndi ufulu wofunsa kuti mukusunga chiyani za ine, kukonzetsa zolakwika, ndi kukadandaula. Koma taonani amene anapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli, ndi MACRA. MACRA yomweyo imene zaka za m'ma 2011 inagula makina a CIRMS oona zimene zikuyenda pa mafoni amene anthu anawatcha spy machine, nkhani inakafika kukhoti, High Court inaletsa poona kuti akhoza kuphwanya ufulu wa zinsinsi, kenako Supreme Court inadzawalola. MACRA yomweyonso kumayambiriro kwa 2025, chaka cha zisankho, inalengeza zopereka kontrakiti ya pafupifupi madola 1.5 miliyoni ku kampani ya ku Ghana yotchedwa Hashcom kuti ibweretse makina oona zimene zikuyenda pa masamba a mchezo, iwo amati nkofuna kuthana ndi nkhani zabodza, mabungwe a ufulu wa anthu anakana kwambiri. Mwina zolinga zawo nzabwino, sindikuweruza mitima. Koma bungwe limodzi silingakhale logula makina oyang'anira anthu komanso lomwelo nkukhala kumene anthu akadandaule akayang'aniridwa molakwika. Akuluakulu a bodi yake amasankhidwa ndi pulezidenti. Ukakadandaula za nthambi ya boma kumeneko ukuyembekezera chiyani?

Mnyamata wa Makompyuta: Nde pali nkhani inanso ya kasungidwe. February 2024 a Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo okha kuti makina opangira mapasipoti alowedwa ndi akuba a pa intaneti ndipo akufuna dipo, mapasipoti anaima milungu ingapo. Ngati za pasipoti zinatheka kulowedwa, mukaunjika za ndalama za anthu onse pamalo amodzi mwangomangira akuba nkhokwe

Mlongo wa ku Chipata: Muli bwanji a kwathu, ine ndimangowerenga masiku onse koma lero ndiyankheko. Kuno ku Zambia mu 2021 boma la a Lungu linabweretsa lamulo la cyber, a Hichilema ali otsutsa analidzudzula kwambiri kuti ndi lofuna kumvetsera anthu. Atalowa m'boma, mu April 2025 asainira malamulo atsopano a cyber amene maloya a kuno ndi mabungwe akuti akupereka mphamvu zambiri zomvetsera, mpaka ofesi ya kazembe wa America inachenjeza nzika zake. Ndiye ine ndinaphunzirapo kuti munthu akakhala kunja chida chimenechi amachiona kuopsa, akalowa mkati amachiona kufunika. Musamayang'ane nkhope ya amene ali pampando lero

Agogo Aphunzitsi: Mwana wanga wa ku Chipata wanena chimene ndimafuna kufikapo. Kuno kwathu mu 2020 a Peter Mutharika atangochoka pampando, ACB inatseka maakaunti awo a ku banki pa nkhani ya simenti imene inalowa m'dziko pogwiritsa ntchito TPIN yawo. Otsatira awo anati ndi ndale, a mbali inayo anati ndi chilungamo. Sindikuweruza mlanduwo ine. Ndikungoti taonani, mu 2025 anthu awavoteranso, ndipo maofesi omwe aja, makompyuta omwe aja, mafailo omwe aja tsopano ali pansi pa boma lawo. Amene ankaombera m'manja dzana lero ndi amene akugona tulo tochepa. Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Nchifukwa chake lamulo liyenera kulembedwa poganizira kuti tsiku lina lidzakhala m'manja mwa munthu amene sakukufunira zabwino.

Bambo a Mphatso: Agogo apa ndilibe mawu otsutsa. Koma ndifunsebe, kodi pali umboni kuti maakaunti a anthu wamba anagwiritsidwapo ntchito kuwaopseza pa ndale, kapena tikungoopa mthunzi?

Mnyamata wa Makompyuta: Ku Nigeria zinachitika poyera bambo. 2020 achinyamata akuchita zionetsero za EndSARS zokana nkhanza za apolisi, banki yaikulu ya dzikolo inakatenga chilolezo kukhoti nkutseka maakaunti 20 a anthu ndi kampani amene ankasonkhetsa ndalama zothandizira zionetserozo, za chakudya, za mankhwala, za maloya. Anatsatira ndalama kuti adziwe amene akutsogolera. Ku Kenya mu 2024 mu Finance Bill muja munali ndime yofuna kuti bungwe la msonkho la KRA lisamangidwe ndi lamulo loteteza zinsinsi, kutanthauza kuti lizitha kuona za ndalama za pafoni za M-Pesa ndi za ku banki mosavuta, anthu anakana ndipo bilu yonse a Ruto anaibweza zionetsero zitavuta. Kwathu kuno kumbukirani April 2022 mtolankhani Gregory Gondwe atalemba za malipiro a boma ku kampani yokhudzana ndi wamalonda Zuneth Sattar, apolisi anamugwira nkumulanda foni ndi kompyuta kufuna kudziwa amene anamupatsa chikalata. Onani mmene zinatembenukira, ndalama ya boma imene tonse tili ndi ufulu woidziwa ndiye inali chinsinsi, foni ya munthu ndiye inatsegulidwa

Mtsikana wa Malamulo: Pamenepo ndi pamene pamandipweteka ine. Zimayenera kukhala kuti ndalama za boma zili poyera, za nzika zili zobisika pokhapokha pali chifukwa. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020 koma yesani kulemba kalata kufunsa kontrakiti ya boma muone miyezi imene mudikire. Atsogoleri amalembetsa chuma chawo ku ofesi ya Assets Declaration koma ndi angati mwa ife anaonapo fomu ya nduna ngakhale imodzi? Pamene mayi Nachisale apatsidwa masiku owerengeka kuti afotokoze za malata a amayi awo.

Achimwene a ku Joni: Ndipo zotsatira zake anthu amangothawa mabanki. Kuno ambiri ayambiranso kupatsira madalaivala a mabasi ndi a mathiraki ndalama pamanja, kapena kusinthana, iwe undipatse ma rand kuno m'bale wako alandire makwacha kumudzi, osadutsa paliponse polembedwa. Chifukwa china ndi rate ya ku banki imene ili pansi kwambiri kuyerekeza ndi ya pamsewu, koma chinanso ndi mafunso omwewa, munthu alibe permit akuopa kuti dzina lake likalowa mu system zimuvuta. Ndiye ena amabedwa ndi madalaivala omwewo osakadandaula kulikonse. Boma likafinya kwambiri silionanso kanthu, ndalama imangolowa pansi

Nachisale wa Zitenje: Achimwene mwanena zimene zili mumtima mwanga, dzulo ndinalumbira kuti ikangotuluka ndalamayi sindidzaikanso ku banki, ndizisunga m'nyumba ngati kale. Koma ndikaganiza za akuba a ku dera kwathu kuno mantha akundigwiranso. Amayi a gulu lathu la chipeleganyu awiri ayamba kale kunena kuti mwezi wa mawa tizipatsana pamanja

Wakale wa ku Banki: Amayi musasunge m'nyumba chonde, kumeneko ndiye kutaya. Chitani izi mawa. Tengani kabuku ka chipeleganyu kamene mumalembamo maina ndi masiku, ngati mulibe lembani kalata asaine tcheya ndi msungichuma wa gulu ndi manambala awo. Achimwene anu akutumizireni chithunzi cha lisiti imene anapatsidwa potumiza. Tengani malisiti a MRA a pa boda a maulendo apitawa kuti aone kuti geni ndi yeniyeni. Mukafika musathere pa kauntala, funsani bwana wa nthambiyo, ndipo muwapemphe kuti asinthe zimene munalemba potsegula akaunti zija zigwirizane ndi mmene bizinesi yakulira, apo ayi zidzachitikanso. Chilichonse chimene mwapereka sungani kope yake ndipo akudindireni kuti alandira tsiku lakuti. Akachedwetsa popanda chifukwa lembani dandaulo, akapanda kuyankha mupite nalo ku Reserve Bank, kuli ofesi ya Registrar of Financial Institutions imene imalandira madandaulo a makasitomala, salipiritsa.

Mtsikana wa Malamulo: Ndipo mukalatamo muwonjezere mzere umodzi wofunsa kuti mapepala amene mwaperekawo awasunga nthawi yaitali bwanji ndipo angawaonetse kwa ndani, lamulo la 2024 lija likukupatsani ufulu wofunsa zimenezo. Za lipoti la ku FIA sadzakuyankhani koma zinazo ayenera kuyankha. Komanso kabukuko muli maina ndi manambala a amayi anzanu khumi ndi awiri amene sanapemphedwe chilolezo, auzeni kaye musanakapereke

Nachisale wa Zitenje: Iii apo simunaname, sindinaganizeko. Ndiye kuti kuti ndiombole ndalama yanga ndiyenera kukapereka maina a anzanga onse, nawonso alowe mufailo

Bambo a Mphatso: Mmm pamenepa ndiye pandivuta nanenso. Mkazi wanga ali m'gulu ngati lomweli ndipo sangakondwe kumva kuti dzina lake lili ku banki imene iye alibeko nkomwe akaunti

Wakale wa ku Banki: Maina a amene anaponya kudzera mu akaunti kapena pafoni ali nawo kale amayi, amaoneka pa sitetimenti. Chimene alibe ndi chifukwa chake. Yambani ndi kalata ya tcheya ndi msungichuma yokha, kabuku kakhale m'chikwama, mukatulutse pokhapokha akakakamira ndipo akangoona musawalole kujambula masamba onse, tsamba la mwezi uno lokha.

Ajenti wa pa Msika: Ine kuyambira mawa ndigula kabuku kena koti munthu aliyense azisaina pa kapepala kake, zandilowa zimenezi

Nachisale wa Zitenje: Zikomo nonse, agogo zikomo kwambiri. Ndawaimbira atcheya akuti tikumane 6 koloko m'mawa kwawo alembe kalatayo, amayi awiri avomera kale kuti maina awo aoneke, enawo ndiwaimbira usiku uno mmodzimmodzi. Basi ya ku Songwe imene ndinalipira kale yapita lero popanda ine, ndiye ulendo ndaimika mpaka Lachisanu ngati zitatheke. Achemwali a malamulo ndikutumizirani kalatayo ku inbox ikalembedwa muione kaye ndisanapite nayo.